Loko wa a Nakoma

A Nakoma anamwalira atasiya chigayo chokhoma. Sindikunena chitseko ayi, chitseko chinali pululu, nkhuku zikulowa ndi kutuluka. Ndikunena siwichi yaikulu ya magetsi, ija imayatsa mota. M'mawa umenewo anaitsitsa, n'kukolekapo loko wawo wofiira, kiyi n'kuponya m'thumba la ovololo. Atagwira ntchito pang'ono anatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango, ati mutu ukuwazungulira. Sanadzukenso. Kuchipatala cha pa Milepa anafika nawo atatha kale.

Patapita masabata atatu chiikireni maliro, foni yanga inalira ndili kuntchito. Anali mayi Nakoma, akazi awo.

"Elube mwanawe, bwera udzatiweruze kuno. A Fulaye abwereka sowo yodulira zitsulo. Ati likafika Loweruka adula lokoyo, anthu azigayitsa."

A Fulaye ndi achimwene awo a mayiwo, ndipo ndiwo ankayendetsa chigayocho tsiku ndi tsiku.

"Kiyi watayika, amayi?" ndinafunsa.

"Ali pa mfundo ya chitenje changa. Koma iwe ukuwadziwa aphunzitsi ako aja. Ndingapereke bwanji?"

Kuwadziwa ndinkawadziwa. Ngati alipo munthu pansi pano wodziwa zimene loko anawachita a Nakoma, ndine ndemwe, pakuti loko amene anawachotsetsa pa udindo anali wanga.

Ankaphunzitsa ku yunivesite, m'tauni, ku dipatimenti ya uinjiniya. Phunziro lawo linali la makina a m'mafakitale odziyendetsa okha: malamba onyamula katundu, timaso tamagetsi toona zimene zikudutsa, mikono ya loboti, ndi timabokosi tolamulira zonsezi, tija mumatilembera malangizo pa kompyuta. Anali aafupi, adazi, oyenda mofulumira ngati basi ikuwasiya. Jekete ankavala pamwamba pa ovololo, ndipo anzawo ophunzitsa atatopa n'kuwanena anangowasiya. Mayina athu ankawadziwa koma sankawagwiritsa ntchito. Ankatiitana ndi mayina a kwathu: a Nsanje, a Rumphi, a Dedza. Ine ndinali a Mauwa. Atamva koyamba kuti ndimachokera ku Mauwa, kufupi ndi Milepa, anangoti, "Eee, wa kwathu," n'kuyamba kundipanikiza kuposa onse.

Tsiku loyamba tinabwera ndi makope atsopano, tikuganiza kuti atiuza mabuku oti tipeze. Iwo analemba mawu amodzi pa bolodi: loko. Aliyense abwere ndi loko wakewake, wa kiyi mmodzi, alembepo dzina lake ndi penti. Wopanda loko asaponde mu wekishopu. Lamulo linali lakuti ukafuna kulowetsa dzanja m'makina, uyambe wazimitsa siwichi yaikulu, uikhome ndi loko wako, kiyi akhale pa thupi pako. Mukakhala asanu, maloko akhalenso asanu. Ndipo loko amachotsa mwini wake yekha. Kiyi satumiza, sabwereketsa, sasiyira mnzako ngakhale mukhale a mimba imodzi. Tinaseka, abale. Tabwera kudzaphunzira za maloboti, munthu akutiuza za maloko a pa khola la mbuzi! Sabata isanathe tinali titawapatsa kale dzina, a Loko, ndipo iwo ankalidziwa.

Kuseka kunatha tsiku limene anatiuza za dzanja lawo lamanzere. Linali ndi zala zitatu: chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira. Nkhaniyi ankaikamba kamodzi pa chaka, kwa ophunzira atsopano, ndipo ankaikamba mosakometsera. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa fakitale ina ya nsalu. Analowetsa dzanja kuti achotse ulusi umene unakola, mnzawo wapamtima anabwera chakumbuyo, sanawaone, anayatsa. Iwo ankati zala ziwirizo anazilira mwezi umodzi n'kuiwala. Koma mnzawo uja sanachire. Anasiya ntchito, anayamba mowa, ndipo akawaona pa msewu ankawolokera tsidya lina. Choncho ankatiuza kuti loko amateteza anthu awiri, wa m'kati ndi wa pa siwichi, ndipo womvetsa chisoni kwambiri ndi wa pa siwichiyo.

Koma musaganize kuti anali munthu wa malamulo okhaokha. Ine mpaka lero sindinaonenso munthu amene makina ankamumvera ngati iwo. Ankatenga sikuludiraiva, nsonga n'kugunditsa pa mota ikuzungulira, chogwirira n'kuika kukhutu, maso n'kutsinzina. Akatsegula ankakuuza chimene chatha m'katimo ndiponso kuti chipirira masabata angati. Tikamasula tinkapeza zili momwemo. Tsiku lina anatenga dzira la nkhuku, n'kulembera mkono wa loboti malangizo ife tikuona, osayang'ana buku. Chimkono chija, chotha kunyamula thumba la simenti, chinatsika pang'onopang'ono, n'kutola dziralo m'dengu, n'kukalikhazika pakamwa pa botolo. Silinang'aluke ndi pang'ono pomwe. Iwo anatenga dzira lija n'kuika m'thumba la jekete, ati ndi la kadzutsa wa mawa.

Phunziro limene sindidzaiwala silinachitikire mu wekishopu. Nyengo yokolola nandolo anatikweza basi ya sukulu mpaka kuno ku Milepa, kumudzi kwa akazi awo, kumene iwo anali mkamwini. Pulofesa wathunthu, koma atafika anavula nsapato n'kukhala pa kampando kakang'ono kumapeto kwa khonde. Mayi Nakoma anakhala pa mphasa ndi lichero, akupeta nandolo. Ndiye anatiuza kuti tilembe chilichonse chimene manja a mayiwo akuchita, ndi chifukwa chake.

Tinalemba mizere isanu: aponya m'mwamba, awakha, agwedeza, ataya zinyalala, abwereza. Anawerenga n'kutibwezera. Tinayang'ananso. Tinaona kuti mphepo ikasintha mayiwo akutembenuka pang'ono. Nandolo akachepa m'lichero akusintha kagwedezedwe. Diso likaona wofumbwa chala chikumuthothola lichero lisanaime. Pofika masana tinali ndi masamba atatu, mayiwo akutiseka kuti ana a sukulu yaukachenjede sadziwa kupeta. Pamenepo ndi pamene a Nakoma anatiuza kuti makina ndi chitsiru champhamvu. Amachita chokhacho chimene iwe unaona n'kuwauza. Chimene sunaone, sadzachichita mpaka kalekale. Ankati injiniya wosatha kukhala pansi n'kuyang'ana manja a munthu wogwira ntchito adzangopanga makina othamangitsa zolakwa.

Tinatha miyezi yambiri tikumanga makina osankha nandolo, a lamba ndi kamera ndi kampweya kouluzira oipa kumbali. Atayenda tinavina. Iwo anatapa nandolo wosankhidwayo m'kathumba n'kupita naye kumudzi. Lolemba anabwera ndi kabotolo, m'kati muli nandolo wofumbwa wodzaza dzanja, amene mayi anatola m'kathumba muja. Anakaika pa tebulo akumwetulira, monyadira akazi awo poyera. Ife tinayambiranso.

Mikangano ndiye sinkawasowa. Ankakangana ndi aliyense wofuna kuti makina akhale oonetsa alendo osati ophunzirira. Makamaka ankalimbana ndi mkulu wa dipatimenti yathu, bambo wa suti zosalala amene sankafuna kuti ophunzira azimasula zipangizo zatsopano. Mkuluyo ankati tiwononga. A Nakoma ankayankha kuti makina amene wophunzira sanawamasulepo ali ngati njinga yopachikidwa kudenga. Pa misonkhano ankati akayamba, ena ankatuluka kukamwa tiyi.

Tsopano ndinene za loko wanga.

Chaka chathu chomaliza, dipatimenti inalandira makina atsopano: lamba wautali, mkono wa loboti waukulu, zonse zili mu mpanda wa waya. Alendo amene anapereka makinawo, pamodzi ndi akuluakulu ena, anayenera kubwera Lachisanu m'mawa kudzaona akuyenda. Lachinayi masana tinali asanu ndi mmodzi mu mpandamo, tikumanga zomaliza, maloko asanu ndi mmodzi ali ndandanda pa siwichi. Ndipamene uthenga unandipeza kuti azakhali anga atisiya ku Mauwa. Ndinataya sipanala, ndinathamanga. Kumudzi foni inazima, ndipo za loko sindinaziganizeko n'komwe.

Zimene zinachitika Lachisanu m'mawa anandiuza ndi anzanga. Mipando itayalidwa, maluwa ataikidwa, anzanga asanu anachotsa maloko awo. Panatsala mmodzi wobiriwira, wolembedwa kuti Elube. Mkulu wa dipatimenti anatumiza munthu kukatenga sowo. A Nakoma anapita n'kukaima patsogolo pa siwichi.

"A Nakoma, tonse tili ndi maso," anatero mkuluyo. "Mu mpandamo mulibe munthu. Mwanayo ali ku maliro."

"Munthu mulibe, zoona," anayankha iwo. "Koma chimene anasiya osamaliza mukuchiona? Ine sindikuchiona. Akudziwa ndi mwini wake."

"Alendo ali pa geti! Mukufuna kuchititsa manyazi sukulu yonse chifukwa cha loko wa pa msika?"

A Nakoma anaika dzanja lamanzere pa loko uja. "Dulani, bwana. Muyambire zala zatsalazi."

Palibe anasuntha. Alendo analowa, anaonetsedwa makina ali duu ngati chithunzi, mkulu uja akutuluka thukuta pofotokoza. A Nakoma anauza anzanga asanu aja kuti aime pa siwichipo, iwo n'kulowa m'kagalimoto kawo kakale, ulendo wa ku Mauwa.

Anafika mwambo uli m'kati. Ndinawaona ndili pakati pa azimayi, koma sindinadziwe chimene abwerera. Sanandiitane. Anapepesa eni mbumba, anakhala pansi ndi azibambo, anaimba nawo nyimbo, anayenda nawo mpaka kumanda. Titabwerako, anthu atasamba m'manja, ndi pamene anatuma mayi wina kudzandiitana.

"Pepani a Mauwa ndi zovutazi," anatero. "Loko wanu akadali pa siwichi."

Mayo ine! Ndinagwada, ndinamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Iwo anabisa manja kumbuyo.

"Kiyi satumiza. Ndiuzeni, munasiya chiyani m'makina muja?"

"Palibe, bambo. Ndinamaliza zonse. Ndinangoiwala."

Ndinadikira mphezi. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Zikomo. Tsopano ndadziwa. Katsanzikeni, tipite mukatsegule."

Tinafika dzuwa litapendeka, alendo atapita kalekale, anthu akusanja mipando. Ndinatsegula loko wanga. Makina anayenda bwinobwino, opanda vuto ngakhale limodzi, oonerera tili ife asanu ndi mmodzi ndi amayi awiri osesa.

Mwezi usanathe anawachotsa pa udindo woyang'anira wekishopu. Nkhani inawanda kuti a Loko anathamangitsa alendo chifukwa cha mtsikana woiwala. Chaka chotsatira anapuma ntchito, n'kubwerera kuno ku Milepa. Sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa kukalipiridwa. Tsiku lolandira madigiri ndinawapeza n'kuwapepesa ndikulira. Anandiuza kuti ndisadzinamize, nkhaniyo sinali ya ine. Akanadula loko uja ophunzira onse akuona, aliyense wa ife akanapita ku fakitale akudziwa kuti loko amadulidwa mlendo akakhala wamkulu mokwanira. Ndinavomera ndi pakamwa. Koma ndinene zoona: zaka zonsezi, pansi pa mtima, ndinkaona kuti munthu wamkulu chonchija anataya malo ake pachabe, chifukwa m'makina muja munalibe kanthu.

Kumudzi sanakhale manja lende. Anamanga chigayo, n'kuchiikira kabokosi kozimitsa mota yokha ikatentha, ndi kadiso koimitsa zonse thumba likadzaza. Ophunzira ankabwerabe kudzawafunsa nzeru, iwo atayera mbuu ndi ufa. A Nakoma anawaguliranso a Fulaye loko wawowawo, ndipo ankakangana za lokoyo chaka ndi chaka, a Fulaye akuti alamu awo akufuna kuyendetsa chigayo cha kumudzi ngati ndege.

Loweruka lija ndili pa kabaza kuchokera pa msewu waukulu, ndinakumbukira funso limene mnzathu wina wamakani anafunsa m'kalasi pofuna kuwakola. Anati, nanga mwini loko akamwalira? Tonse tinaseka. A Nakoma sanaseke. Anati zikatero ndiye kuti lokoyo ndi mawu ake omaliza, ndipo popeza mwini wake sangayankhenso, ukafunse makinawo ndi maso ako ndi manja ako, kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Ndinapeza a Fulaye ataima pakhomo la chigayo, sowo ili m'manja. Mayi Nakoma anali atakhala pa njerwa chapambali.

"Mwabwera a injiniya," anatero a Fulaye. "Awuzeni achemwali angawa. Masabata atatu azimayi akusenza chimanga kupita kutali, chigayo chili pano chabwinobwino. Alamu ndinkawalemekeza, koma apita. Ankangofuna kupaka girisi basi."

"Anakuuzani choncho?"

"Sanandiuze, ndinali kudimba. Koma ndayang'ana. Lamba ali bwino, mota ili bwino, chivundikiro n'chotseka."

"Munatsegula m'kati?"

"Nditsegulirenji poti n'potseka?"

Ndinatulutsa loko wanga, yemwe uja wobiriwira, penti itafufutika, n'kumukoleka pambali pa wofiirayo. Kenako ndinapita pa chivundikiro cha chigayo, paja pamakhala nyundo zophwanya chimanga. Ndinabwera ndi sipanala koma sanagwire ntchito. Mabawuti anazungulira ndi zala zokha. Munthu anali atangowabwezera pang'ono kuti nkhuku ndi fumbi zisalowe, akuganiza kuti abweranso posachedwa.

Ndinatukula chivundikirocho n'kusuzumira m'kati. Nyundo za chigayo zimakolekedwa pa mitanda yachitsulo, ndipo mtanda uliwonse umagwidwa ndi kapini kumapeto. Mtanda umodzi unali wosololedwa mpaka theka. Pakati pake panali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, atauzunguliza ndi choko. Kapini panalibe.

"Amayi," ndinatero, "m'thumba la ovololo muja munali kiyi yekha?"

Mayi Nakoma anamasula mfundo ya chitenje. Munali kiyi, ndi kachitsulo kopindika, kapini kaja. "Ndimati n'kachabechabe," anatero, "koma ndinaopa kutaya."

Ndinawaitana a Fulaye kuti adzaone okha. Sindinafunike kufotokoza zambiri, munthu wa chigayo amadziwa liwiro la nyundo zija. Mota ikanangoyaka, mtandawo ukanathyoka, nyundo zikanaboola chitsulo n'kutulukira kutsogolo. Kutsogoloko ndi kumene a Fulaye amaima tsiku lililonse, mimba itagunda chivundikiro, akuthira chimanga. Kumbuyo kwawo ndi kumene azimayi amafola ndi ana kumsana.

A Fulaye anayang'ana mng'alu uja nthawi yaitali. Sowo inagwa yokha. Anabwerera m'mbuyo n'kukhala pa thumba la gaga, anavula chipewa, n'kuphimba nacho nkhope.

"Alamu," anatero. "Alamu inu."

Ine ndinatuluka panja, ndinakalira pansi pa mango paja. Ndinalira maliro, koma ndinaliranso manyazi a zaka zonse zimene ndinkati anataya udindo pachabe. Loko wanga wa tsiku lija ndi loko wawoyu anali okhoma chimodzimodzi. Kunja kwake palibe akanadziwa kuti wopanda kanthu ndi uti.

Mtanda watsopano ndinabwera nawo sabata yotsatira. Titamanga, ndinachotsa loko wanga, a Fulaye anachotsa wawo, amene tsiku limenelo anakoleka osauzidwa ndi munthu. Wofiira uja anatsegula mayi okha. Anayamba anena kuti, "Abambo, tafunsa, tamva," kenako anapotokola kiyi.

Chigayo chikuyenda tsopano, mumachimva muli kumsika. Koma mukalowa, yang'anani kudzanja lamanja. Pali kampando kathabwa kamene a Nakoma ankakhalapo pomvetsera mota, ndipo ngakhale anthu adzaze bwanji palibe amakhalapo, ufa wangounjikana pamwamba. Ovololo ili pa msomali, jekete pamwamba pake. Sikuludiraiva ili pa zenera pamene anaisiya, pambali pa kachidutswa ka choko. Pafupi ndi siwichi papachikidwa loko wofiira, ali yasa, kiyi ali momwemo. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, kiyi ameneyu sindinamuonepo ali kutali ndi thupi lawo.

Ndipo kuseri kwa chivundikiro, kumbali ya m'kati imene a Nakoma anagwira potseka m'mawa uja, kunatsala chidindo cha dzanja la girisi, chala chachikulu ndi ziwiri. Chimanga chinachifufuta tsiku loyamba lomwe. A Fulaye akamatsegula kuti asese, amayamba akhoma siwichi, kiyi n'kuika m'thumba, ndipo amagwira pomwepo.